Kalata ya Msonkho Imene Ndinalembera Anti Anga

Inu owerenga, ndivomere msanga: kalata ya msonkho imene inatsala pang'ono kuwasiyitsa ntchito anti anga ndinalemba ndine. Ndinali mtsikana wa zaka 15, ndipo chifukwa changa chinali chimodzi basi. Ndinkafuna chipinda changa.

Tinkakhala ku Handsworth, ine ndi amayi, omwe ndi nesi muno mu Birmingham. Kenaka kunabwera mng'ono wawo kuchokera ku Kasungu, anti Lusiya. Ntchito anaipeza ku Coventry, yosamalira okalamba, koma pogona anapeza pabedi langa. Ine ndinatsikira pamatiresi. Ndi munthu wabwino zedi, koma ankadzuka kusanache n'kuyamba nyimbo zakwaya, ndipo zithunzi zanga zonse anazimatula kukhoma n'kupachikapo kalendala ya kumpingo.

Ndinazindikira kuti anti ankaopa envulopu ya khaki, ija ya makalata a boma, kuposa njoka. Ikangogwa pakhomo, ankaitola ndi manja awiri, kusuzumira mzere woyamba, n'kuibisa m'Baibulo. Ankakonda kutisimbira mmene ali mwana anaonera agogo anga atamangidwa chingwe pamsika chifukwa chosowa chiphaso cha msonkho. Kwa iwo, boma silifunsidwa mafunso.

Ndiye ndinakhala pakompyuta ya kusukulu n'kulemba kalata m'Chingerezi chonenepa, n'kuiika mu envulopu yakale ya amayi, dzina lawo nditalimata ndi kapepala. Kalatayo inkati aliyense wogona mumzinda wina koma wogwira ntchito mumzinda wina akhome msonkho kawiri, wa Birmingham pogonapo, wa Coventry pogwirapo ntchito, pokhapokha atasankha mzinda umodzi mwezi usanathe. Bodza lamkunkhuniza! Kuno msonkho wa pamalipiro ndi umodzi, amadulira kuntchito, kaya umagona kuti. Ine m'mutu mwanga zinali zitatha kale: asankha Coventry, asamuka, ine ndikwera pabedi.

Anasankha Birmingham.

Masiku atatu chakudya ankangochiyang'ana. Anti sanawauze amayi, ati angawawonjezere nkhawa. Tsiku lachitatu ndikuchokera kusukulu ndinawapeza patebulo, pepala lili m'manja, maso ali psuu.

“Mwana wanga, iwe zala zako n'zopepuka pakompyuta. Unditayipire kalatayi, mawa ndikasiye ntchito. Ku Coventry sindidziwako munthu, ndikagona kwa ndani?”

Ntchito imeneyo ndi imene inkaphunzitsa ana awo awiri ku Kasungu. Komanso, ndisaname, ndinaona kuti akasiya ntchito ndiye kuti azikhala m'chipinda chija tsiku lonse. Mpaka lero sindidziwa kuti mwa ziwirizi chimene chinandiopsa kwambiri n'chiti.

Ndinanamizira homuweki mpaka amayi atafika kuchokera ku shifiti. Asanavule n'komwe nsapato, ndinagwada n'kuulula zonse. Amayi anatenga envulopu ija, n'kumatula kapepala, dzina lawo mbee.

“Iwe mwana, ukufuna undiphere m'bale wanga?”

Anti anangogwira kalata ija, kuiyang'ana, kundiyang'ana. Ndinkadikira mbama. Koma iwo anati, “Achemwali, Chingerezi chonsechi ndi mwanayu? Sukulu sikupita pachabe.”

Ndinaseka ndili chogwada, ndipo kusekako kunandiwonjezera chilango: mwezi wathunthu wopanda foni, kuphatikizapo kusita mayunifolomu a anthu awiri.

Tsiku lomwelo amayi analamula kuti Baibulo likutumulidwe. Munagwa maenvulopu asanu ndi mapeyisilipu onse. Amayi atawawerenga anapeza kuti anti ankawadula msonkho wochuluka, uja amadula munthu watsopano asanatumize fomu yake, ndipo fomuyo inali mommo, pakati pa Masalimo, yosadzaza. M'mawa mwake amayi anaimba foni ku ofesi ya msonkho, anti ali pambali akuopa kuti awamanga kudzera pafoni pomwepo. Palibe anawamanga. Patapita milungu ingapo kunabwera cheke chowabwezera ndalama zimene ankawadula mopitirira zija.

Ndi chekecho anti analipira dipoziti ya chipinda ku Coventry, m'nyumba ya mayi wina wa ku Zomba amene anthu a kumpingo anawapezera. Lero kuntchito amangoyenda wapansi, ana awo sanasiye sukulu, ndipo nyimbo zakwaya akuimba awiri ndi mayi wa ku Zomba uja.

Tsono inu akuluakulu amene mwangofika kumene, envulopu ya khaki si njoka. Tsegulani, werengani mpaka pansi, ndipo ngati simukumvetsa onetsani munthu wodziwa kapena imbani ku ofesi. Musasiye ntchito chifukwa cha pepala limene simunafunse mwini wake. Inunso anzanga okonda kupusitsa anthu, muziyamba mwadziwa chimene munthuyo amaopa, chifukwa mantha sathawira kumene inu mukufuna.

Amayi amandifunsabe ngati ndinalapa. Ndimayankha kuti ee, nkhaniyi ndimaiganizira tsiku lililonse. Ndimaiganizira nditatambalala pabedi langa, ndekhandekha, chitseko chili chotseka.