Ndinkadula Mokhota Dala

Amuna anga ndi telala. Akhala zaka zambiri pakhonde la sitolo ya mmwenye wina ku Limbe, ndipo lamulo lawo ndi lakuti podula nsalu uzisiya malo, chifukwa munthu amanenepa, mwana amakula. Yunifomu yosoka iwo mwana amaivala mpaka kutopa nayo.

Atadwala matumbo, madokotala anawachita opaleshoni n'kutulutsira thumbo pamimba, kuti chimbudzi chizigwera m'thumba lomata pakhungu. Thumba lililonse latsopano umalidula chiboo cholowetsapo thumbolo. Anesi anatipatsa kapepala kolimba kokhala ndi muyeso, nati chiboocho chizikwana ndendende.

Titafika kwathu ku Nkolokosa, kapepala kaja amuna anga anakaponya m'kabati.

"Mtsikana uja andiphunzitse kudula ine? Sizasi ndinayamba kugwira iye asanabadwe."

Ankadula okha, mokongola ndithu, koma mosiya malo ngati kabudula wa mwana wasukulu. Zotuluka zinkatsalira pakhungu losaphimbikalo n'kumalidya. Posakhalitsa panafiira, n'kutuluka tizilonda tiwiri tonyowa. Pakhungu lonyowa thumba silimata. Linkamatuka kawiri katatu patsiku, moti ku Limbe anasiya kupita, kuopa manyazi pamaso pa makasitomala. Mwini sitolo anatumiza uthenga waulemu wakuti telala wina akufunsira khondelo, ndipo sangadikire mpaka kale.

Tinabwerera kuchipatala. Anesi anati tizitsuka ndi madzi ofunda okha, kuumitsa osakhula, kuwaza paudala wawo pang'ono pa zilondapo n'kukuntha wotsala. Mafuta ayi, ngakhale odalitsidwa amene mnzanga wa kumpingo anatibweretsera. Koma anatsindika kuti zonsezo n'zachabe chiboo chikapitiriza kukhala chachikulu. Abambo anayankha mwaulemu, "Tamva, mwana wanga." Tili m'minibasi, anandiuza kuti vuto ndi guluu wa masiku ano.

Ndinagwada. Ndinati, Ambuye, Inu mumatembenuza mitima ya mafumu, nanga telala mmodzi angakukanikeni? Yankho silinabwere ndi mphepo kapena moto. Linandipeza kukhitchini, ndikulimbana ndi sizasi yobuntha imene timatsegulira mapaketi a shuga.

M'mawa mwake ndinajambula muyeso wa anesi pa thumba latsopano. Ndi sizasi yobunthayo ndinadula mkati mwa mzere, mokhotakhota ngati padya khoswe, n'kulisiya pafupi ndi kapu yawo ya tiyi.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Ndimati ndikuthandizeniko, abambo."

"Mwadula ndi mano?"

"Ingovalani, akaona ndani mkati mwa malaya?"

"Ine? Ndivale chimenechi? Tandipatsani magalasi anga!"

Telala ali ndi lamulo lina limene ine ndinkalidziwa: pokonza chovala chimene wina wawononga, sutsata maganizo ako, umatsata choko cha mwini wake. Anayendetsa sizasi yawo pamzere wanga pang'onopang'ono, akung'ung'udza kuti zaka zonsezi sindinatolepo kanthu kwa iwo. Chiboo chinatuluka chozungulira bwino, chokwana ndendende. Maoda a Khirisimasi akachuluka, wopinda masiketi onse ndimakhala ine. Izi anaziiwala, ndipo sindinawakumbutse.

Kuyambira pamenepo, tsiku losintha thumba ndinkawapambana kulawirira. Iwo anayesa kubisa sizasi yanga m'dirowa ya makina, ine n'kubwereka ina kwa aneba, yobuntha kuposa.

Chikumbumtima chinkandifunsa ngati kudula mokhota dala si bodza. Ndinakumbukira azamba aja a m'Malemba amene anapusitsa mfumu kuti makanda apulumuke, Mulungu n'kuwachitira zabwino. Ndinakumbukiranso mayi amene anaveka mwana wake zikopa za mbuzi, ndi misozi imene inatsatira. Ndinasankha kukhala mbali ya azamba, ngakhale mpaka lero ndimazitchulabe m'pemphero, mwachidule.

Zilonda zinayamba kuuma kuchokera m'mphepete. Thumba linagwira tsiku lathunthu, kenako masiku atatu. Titapitanso kuchipatala, anesi anayang'ana khungu lija nafunsa kuti akudula ndani.

"Amayiwa amawononga, ine ndimakonza," anatero abambo. "Mtanda wanga ndi umenewu."

Anesi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana denga.

Lolemba lotsatira abambo anavala jekete, nanyamula mutu wa makina kupita ku Limbe. Anapeza telala wina uja ali pakhonde, akuyeza ndi mapazi pomwe adzaike tebulo lake. Abambo anamupatsa moni wa ulemu wonse, n'kumupempha awagwirireko mbali ina ya makinawo poika.