Mipata Makumi Awiri

Pachipatala paja ankangowatchula kuti Amayi a Kompyuta. Ankakhala m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa labotale, ndipo anali osayankhulayankhula, moti anzawo ankawaseka kuti mawu awo onse anathera m'makinamo.

M'mawa uliwonse anamwino ankalowetsa m'kompyuta manambala a odwala amene zotsatira za magazi awo sizinatuluke bwino. Pulogalamu imene amayiwa analemba inkafunsa nkhokwe ya mayina kuti itulutse mafoni awo, anthuwo aitanidwe msanga. Manambalawo sankangowamata m'funsomo, poopa kuti wina angalowetsemo zowononga. Nambala iliyonse inkalowa pampata wakewake. Vuto linali loti mndandanda unkasintha, lero asanu, mawa khumi. Ndiye iwo anangokonzeratu mipata makumi awiri, yotsala n'kumakhala yopanda kanthu. Ankati odwala otere sangapose pamenepo tsiku limodzi, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi zinalidi choncho.

Lolemba lina odwalawo anapitirira ndi atatu. Pulogalamu inatenga makumi awiri oyambirira, osadandaula n'komwe. Mwa otsalawo, amene sanaimbiridwe foni, awiri anabwera okha. Wachitatu, kalipentala wa ana anayi, achibale anabwera naye patatha milungu isanu atachita kumunyamula, ndipo sanabwererenso kwawo ndi moyo.

Palibe anawaloza chala amayiwa, poti palibe ankadziwa. Anachipeza okha cholakwikacho. Kukonza kwake kunawatengera mphindi zochepa chabe: pulogalamu iyambe yawerenga mndandanda, kenako ipange mipata yofanana ndi anthuwo. Kuphweka kumeneko ndiko kunawapweteka mtima kwambiri.

Anakaulula kwa mkulu wa chipatala, amene anawalangiza kuti nkhaniyo ithere muofesi momwemo. Iwo anagwedeza mutu ngati amva, koma Loweruka anakwera basi ndi keyala ya malemuyo m'chikwama.

Mkazi wa kalipentala anawalandira pakhonde, pafupi ndi matabwa amene anali atayamba kupindika ndi mvula. Amayiwa anafotokoza zonse, osabisa kuti mipata ija anaiwerenga ndi iwowo. Mkaziyo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Sanakalipe.

"Foni mwamuna wanga ankagona nayo kumutu, mayi," anatero mkaziyo. "Sabata itatha anatiitana tonse, akuseka. Anati, 'Mwaona? Achipatala sanaimbe. Ndiye kuti ndili bwino.'"