Chidulo cha azakhali ndi impso za bambo

Lachitatu ndinakumbatira mayi wogulitsa ndiwo pa msika wa Machipisa anthu akuona, mpaka kabichi mmodzi anagubuduzika kukalowa pansi pa kombi, minibasi ya kuno. Sekani, ndilibe nazo ntchito! Ndinali nditangochokera kuchipatala ndi pepala la zotsatira za magazi a bambo anga.

Bambo anagwira ntchito kufakitale ku Graniteside mpaka kupuma, ndipo tsopano impso zawo zatopa. Miyezi itatu yapitayo adokotala anatiuza mosabisa kuti mchere wina, potaziyamu, wachuluka m'magazi chifukwa impso zikulephera kuusefa. Ukapanda kutsika mtima ukhoza kuima, apo ayi bambo ayambe kumagona pa makina otsuka magazi.

Bambo anangoti, "Makina ndinawasiya ku Graniteside, mwanangu. Ena sindikuwafuna."

Nanga mcherewo ankawathira ndani? Ife tomwe, ndi chikondi chathuchi.

Mukudziwa kuti kwa wodwala sitipita chimanjamanja. Wina nthochi, wina mapeyala, wina nkhwani wotendera, zonsezo zodzaza ndi potaziyamu. Azakhali a ku Mbare, mlongo wawo wamkulu wa bambo, ankabwera ndi botolo la chidulo chosungunula okha ndi phulusa la zitsononkho, kuti therere lizifewa ngati la kumudzi. Namwino wolangiza za zakudya atamva zimenezi anagwira kumutu. Anati m'phulusamo ndiye kwawo kwa mcherewo.

Kuwauza azakhali sikunali kwamasewera.

"Maiwe! Ndiye kuti ine ndikupha mlongo wanga?" anafunsa, misozi ili mbwembwembwe. Nane ndinalira, koma botolo ndinalichotsabe kukhitchini.

Ndinayambiranso kuphunzira kugula ndiwo pa ukulu wanga uno. Kabichi, nkhaka, mabiringano, zitheba, anyezi, zimenezo namwino analola. Sipinachi ayi. Tomato theka lokha, osati mulu wonse. Masamba ndiziwadula, ndiwiritse m'madzi ambiri, kenako madziwo nditaye. Kutaya msuzi! Ine, amene ndinakula ndikumva kuti mphamvu ya ndiwo ili mu msuzi! Tsiku loyamba dzanja linachita kukana.

Mai Chipo, mayi wa pa Machipisa uja, anaona ndikulambalala sipinachi wawo. "Nhai, mwana wa sekuru Phiri, muriwo wanga walakwa chiyani?" Kunoku sekuru ndiye agogo, muriwo ndiye ndiwo zamasamba. Nditawafotokozera, anayamba kundisungira kabichi wolimba pansi pa tebulo, ndipo dzanja langa likalowera ku mapeyala ankalimenya.

Ndiye Lachitatulo adokotala anayang'ana pepala kawiri, n'kumwetulira. Potaziyamu watsika! Makina adikire kaye! Ndinatuluka ndikulankhula ndekha ngati wamisala.

Sindikunamizani, impso sizinachire, ndipo zimene bambo aloledwa kudya mwina wodwala wanu sangaloledwe. Chimene chikundivutitsa ndi chizolowezi chathu chonyamula chilichonse chimene ife timati n'chopatsa thanzi, osafunsa n'komwe. Timaopa kuti wodwala atiyesa oumira. Zoona manyazi athu apose moyo wa munthu?

Dzulo azakhali anatsika kombi ndi chimtolo m'chitenje. Ndinathamangira kukaona ngati muli botolo lina. Anamasula pamaso pa bambo: kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu.

"Iwe, therere lachidulo uiwale," anatero. "Idya uyu. Sindikufuna unditsogolere kumanda, wamkulu ndine."

Nanga inu, Loweruka lino popita kukazonda wodwala, muyamba mwafunsa, kapena botolo lanu mwalongedza kale?