Mwana atagwa pa Chonde, ophunzira tinathawa

Lachinayi lapitali ndinachita chinthu chimene mpaka pano chikundichititsa manyazi. Ndiye ndati ndiyambe ndadziulula ndekha ndisanaloze ena chala.

Ndinali pamsika wa Chonde, ndikusankha nanazi pabenchi ya Mayi Delifa, kumene ndimagula nthawi zonse. Mwadzidzidzi ndinangomva khu! kumbuyo kwanga. Mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zitatu, atavala siketi ya yunifolomu yofwifwa, anali pansi akuphupha, maso atatembenuka, thovu lili kukamwa. Chigwada chimene anasenza chinamwazikira m'fumbi.

Mukudziwa chimene tinachita? Tinapanga bwalo. Aliyense anafutukira m'mbuyo ngati pagwa njoka. Ine ndemwe, munthu amene ndinagwira choko mpaka kupuma pantchito, ndinabwerera mapazi atatu.

Mkulu wa zonena anali bambo wina wa taye, fayilo ili m'khwapa. "Musamukhudze ameneyo! Akangophwisa basi mwatengera!" Wina anakuwa kuti amuike supuni m'kamwa, koma woipereka panalibe, nanji woigwira. Ena awiri anali atatulutsa kale mafoni, akujambula.

Amene anadumpha benchi ndi Mayi Delifa. Anamasula chitenje, nachipinda, nachiika kunsi kwa mutu wa mwanayo. Anakankhira kutali njerwa imene inali pafupi ndi nkhope yake. Sanamupanikize, sanamuike kanthu m'kamwa. Anangodikira kuti kuphuphako kuthe, kenako anamugoneka chammbali ndi kumupukuta thovu ndi dzanja lawo lomwe.

"Tapatukani uko apezeko mphepo!" anakalipa motero. "Nanunso a mafoninu, atagwa mayi anu mungajambule?"

Wa taye uja sanagonje. "Mayi inu, mudzalira."

"Ndidzalira chani? Achimwene anga akhala akugwa chiyambire tili ana, wowapukuta ndine. Ndagwapo ine? Anatiuza anesi kuchipatala kuti khunyu sapatsirana. Nde inuyo sukulu yanu yonseyi munkaphunzirako chani?"

Funsolo silinali langa, koma linalasa ine. Mayi Delifa sukulu analekezera Sitandade 3. Zonse zimene anachitazi anazimva tsiku limodzi atakhala pabenchi ya kuchipatala, ndipo anazisunga.

Posakhalitsa mayi ake a mwanayo anafika akuthamanga kuchokera kuchigayo, ufa uli mbuu m'manja. Ndi mayi wothyola tiyi ku esiteti, ndipo mwanayo dzina lake ndi Felesiya. Atatsitsimuka, Felesiya sanafunse za chigwada, kapena za bondo limene linasupuka. Anangonong'ona kuti, "Amayi, a kusukulu andiona?"

Apa mpamene ndinazindikira kuti linali Lachinayi m'mawa, nthawi ya kalasi. Ndinafunsa chifukwa chake mwanayu sali kusukulu.

"Anamuletsa, bambo," anatero mayiwo. "Anagwa m'kalasi temu yatha. Makolo anzathu anapita kwa a komiti, akuti mukapanda kumuchotsa tichotsa athu. Nde ahedi anandiitana, akuti, 'Mayi, ayambe wakhala kunyumba mpaka achire.' Kuchipatala akuti mankhwalawa ngakumwa nthawi yaitali. Chiyambire kumwa, aka nkoyamba kugwa. Nanga kuchirako nkuti kuti abwerere?"

Abale anga, ndinapsa mtima, ndipo ndikulemba pano mtimawo sunazizire.

Timakonda kunena pamisonkhano kuti maphunziro ndiwo adzathetse umbuli. Timaombera m'manja, kumwa fanta, kubwerera kwathu. Nanga umbuli ukabwera wokha pakhomo pa sukulu, nkugogoda pa ofesi ya ahedi, amene amatuluka ndani? Kwa Felesiya, amene anatuluka ndi mwanayo, umbuli unatsala mkati.

Sindikuti ahediwo ndi munthu woipa. Ndikuidziwa ntchito imeneyi. Makolo akadzaza pakhonde atakwiya, umangofuna kuti achokepo. Koma tsiku limenelo sukulu inali ndi mwayi umene supezekapezeka. Makolo anabwera okha, osaitanidwa, funso lili m'manja. Panavuta chiyani kuitana mlangizi wa zaumoyo, kuwakhazika pansi pa mtengo, nkuwauza zimene Mayi Delifa amadziwa? Ndi phunziro losatha ndi theka la ola lomwe.

M'malo mwake sukulu inaphunzitsa phunziro lina, ndipo ana onse analimva bwino kuposa masamu. Anaona ndi maso awo kuti mnzako akagwa umathawa, ndipo akadzuka umamuthamangitsa. Ana amenewa adzakhoza mayeso, adzavala mataye, adzanyamula mafayilo. Tsiku lina adzaima pamsika nkumakuwa kuti musamukhudze.

Kodi mukuganiza kuti bambo wa taye uja anagwa kumwamba? Anadutsa m'manja mwa aphunzitsi ngati ine.

Ndaphunzitsa ana ziwalo za chiwala, mutu, chifuwa, mimba. Ndawaloweza mayina a mitsinje ya m'mayiko amene sadzapondako. Koma sindikumbuka tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinaima kutsogolo kwa kalasi nkunena chochita mnzawo akagwa khunyu. Ndipo mwana wotere ndinali naye. Anagwa kawiri, kenako anasiya kubwera. Ine ndinkangoitana dzina lake m'mawa uliwonse mpaka ndinaleka kuliitana. Kwawo sindinapiteko. Ndinali nditamuiwala, mpaka Lachinayi lija.

Tsono musandiuze kuti vuto ndi anthu osaphunzira a kumudzi. Bwalo lija linadzaza ndi ife odziwa kulemba mayina athu. Satifiketi tili nazo, zina zili m'mafulemu pakhoma, koma mwana atagwa m'fumbi palibe imene inagwada.

Ndipo si khunyu lokha. Ndi ana angati amene amauzidwa mawu okoma aja akuti "ayambe wakhala kunyumba"? Wachibwibwi amene anzake amamuseka, wosamva bwino amene amamutcha mbuli, wa khungu lachialubino amene makolo akuopa njira. Palibe amene amawachotsa ndi kalata. Amangowapumitsa, kupumako nkukhala kwa moyo wonse. Makolo amene munapita kwa a komiti aja, dziwani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Khunyu silifunsa kuti uyu ndi mwana wa yani.

Anthu atabalalika, mayi a Felesiya anandiyang'ana magalasi ndi cholembera cha m'thumba. "Bambo, mukuoneka ophunzira. Simungandilembereko kalata yopita kwa ahedi? Ine ndikapita pakamwa pokha amangoti tamva. Mayeso a temu ino akapanda kulemba, abwereza kalasi, ndipo iyeyu wanena kuti akabwereza basi asiya."

Ndinalemba pomwepo, pabenchi ya Mayi Delifa, nditasuntha nanazi. Dzanja limene linakana kugwira mwana linagwira cholembera bwinobwino, lopanda ndi manyazi omwe. Felesiya, mutu ukadali wolemera, ankawerenga mzere uliwonse ndikamalemba. Nditamaliza anati, "Mwaiwala kulemba kuti ndine wa 7 B. Mulembenso kuti malo anga ndi apawindo, mwina anapatsa wina."

Ndinawonjezera.

Lolemba likubwerali ndawalonjeza kuti kalatayo tikapereka limodzi, ndipo Mayi Delifa ati atseka benchi apite nawo, akalankhule ndi a komitiwo m'chinenero chimene amamva. Sindikudziwa ngati chitseko chikatseguke. Chimene ndikudziwa nchakuti pali mwana amene miyezi yonseyi akuvalabe siketi ya yunifolomu popita kumsika, ndipo akudera nkhawa malo ake apawindo.

Ine ndinabwerera m'mbuyo mapazi atatu, ndavomera. Inu aphunzitsi, inu a komiti, inu makolo, mwanayu akadzalowanso m'kalasi nkugwa, mudzabwerera angati?