Chala cha Ozella

Bambo Delmer Sizemore ndi munthu wosasintha, ndipo amanyadira zimenezo ngati anachita kupita nazo kusukulu. Anayendetsa basi ya ana asukulu zaka 26, msewu womwewo wokhotakhota wa m'mapiri athu ano a kum'mawa kwa Kentucky. Kutchalitchi ali ndi benchi yawo, yachitatu kumanzere, ndipo mlendo akakhalapo mosadziwa, iwo amangoima pambali n'kumatsokomola mpaka munthuyo atazindikira yekha. Kutsokomolako sachita kunamizira ayi. Asanagwire basi anakumba malasha zaka khumi ndi ziwiri, fodya ali pakamwa, ndipo mapapo awo anatha kalekale. Pano ali ndi zaka 74, amayenda akukoka kabotolo ka mpweya ka matayala, timachubu tili m'mphuno.

Amene wawasunga mpaka lero ndi Dokotala Raghavan, wa matenda a m'chifuwa, yemwe kachipatala kake kali pa mtunda wa mphindi makumi awiri kuchokera kunyumba kwawo. Chisanu cha Januwale chikaluma, chifuwa cha a Delmer chimatseka, ndipo mtunda umenewo ndi wokhawo umene angathe kuyendetsa galimoto asanayambe kuona mdima. Kawiri konse dokotalayo wawabweza kukhomo la manda.

Aliyense kuno amaidziwa nyengo ya makalata. Masamba akangoyamba kufiira, makampani a inshulansi amatikumbukira ife okalamba ngati abale awo, envulopu pamwamba pa envulopu. Kuyambira pakati pa Okutobala mpaka pa 7 Disembala, munthu wa pa Medicare, inshulansi ya boma ya zachipatala ya okalamba, amaloledwa kusiya pulani yake n'kusankha ina. Ukaphonya, Januwale amakupeza uli momwe unali. A Delmer ankawaseka anzawo kumalo omwera khofi.

"Inu mumangodumphadumpha ngati ziwala," ankatero. "Ine ndi Ozella sitinasinthepo. Pulani yathu ndi yomwe ija."

Ozella, mkazi wawo, anamwalira mu Epulo. Makalata onse ankawerenga ndi mayiwo. A Delmer ntchito yawo inali imodzi yokha: tsiku lina la mu Novembala, akatha kudya nyemba ndi chigumu, Ozella ankaika pepala patebulo n'kuloza mzere ndi chala. "Sainani apa, bambo." Iwo ankasaina maso ali pa TV. Chaka chino makalata anabwera monga mwa masiku onse, ndipo a Delmer ankangowaponya m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa filiji, momwe ankaona mkazi wawo akuika. Iwotu ankayesa mwambo wake ndi umenewo, kuika m'chitini basi. Koma amuna enawa, abale!

Pa 6 Disembala anapita kukapimitsa chifuwa. Akutuluka, mayi wa pakauntala anawaitana.

"Ndiye mwaganiza zotani, a Sizemore? Tikuonaninso chaka chamawa?"

"Bwanji, mwamva kuti ndikufa?"

Mayiyo sanaseke. "Pulani yanu yatichotsa pamndandanda wake. Kuyambira pa 1 Januwale siidzalipiranso kuno. Anakulemberani kalata mu Seputembala."

"Koma ine sindinasinthe chilichonse!"

"Inu simunasinthe. Asintha ndi akampaniwo."

"Ndiye ndizipita kuti?"

"Wa m'chifuwa amene atsala naye pafupi ali ku Lexington."

Ku Lexington! Maola awiri ndi theka, mapiri okhaokha, msewu woterera ndi madzi oundana. A Delmer anagwira kauntala ndi manja onse awiri. Anachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku lija denga la mgodi linalira pamwamba pa mitu yawo.

Atafika kunyumba anakhuthulira chitini chija patebulo. Maenvulopu oposa makumi atatu, iliyonse ikulumbira kuti ndiyo yabwino kuposa zinzake. Ina ikulonjeza mano, ina magalasi, ina khadi yogulira zakudya. Zilembo zikuluzikulu zinali za mphatso, zing'onozing'ono za madokotala, ndipo zing'onozing'onozo maso awo anazikana. Anaimba nambala ya pa envulopu ina, makina anawauza kuti adine wani, adine folo, kenako anawaikira nyimbo mpaka khofi anazizira. Anadula foni, mpweya ukuperewera. Apa ndi pomwe anaona kakhadi kamene kanamatirira pansi pa chitini, kolembedwa ndi dzanja la Ozella: "Treva, kulaibulale. Pitani m'mawa."

M'mawa wa pa 7 anapeza anzawo atadzaza kale m'chipinda cha kuseri kwa laibulale, aliyense ndi thumba la mabotolo a mankhwala pamiyendo. Anapatsidwa nambala 14. Panja chipale chofewa chinali chitayamba kugwa. Munthu mmodzi ankatha theka la ola, ena kupitirira, ndipo pakhomo panalembedwa kuti amatseka folo koloko. A Delmer ankayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako kamuvi ka pabotolo kosonyeza mpweya wotsala, kenakonso wotchi. Anabweretsa botolo limodzi lokha, poganiza kuti ndi nkhani ya mphindi khumi. Pofika thuu koloko mzere unali pa nambala 10, kamuvi kakuyandikira pofiira. Anachepetsa mpweyawo pang'ono, chinthu chimene dokotala anawaletsa.

Anaitanidwa itadutsa hafu pasiti fili. Treva Combs, amene amathandiza okalamba kusankha mapulani popanda malipiro, ndi mayi wa imvi zake tsopano, koma a Delmer anamudziwa pomwepo. Ali kamtsikana ankakhala mpando wakumbuyo m'basi yawo, kumata chingamu pansi pa mipando.

"Iwe, suja unkandiipitsira basi?"

"Ndine ndemwe, a Sizemore. Ndimayesa simubwera. Ndakuimbirani katatu."

"Nambala zachilendo sindiyankha. Tamvera, mwanawe. Ine sindine wodumphadumpha. Zaka zisanu ndi zinayi ndili m'pulani imodzi, lero akundichita chipongwe chotere?"

Treva anavula magalasi n'kuwayang'anitsitsa. Kenako anatsegula kabati, natulutsa fayilo yonenepa yolembedwa dzina lawo.

"Pulani imodzi? Bambo, pa zaka zisanu ndi zinayi mwasintha kasanu ndi kamodzi."

"Bodza!"

"Siginecha iyi ndi ya ndani? Nanga iyi? Mayi Ozella ankafika pano sabata yoyamba, chaka chilichonse, atanyamula chitini cha mabisiketi. Ankakhala pampando womwe mwakhalapowo. Mafunso awo anali atatu: Dokotala Raghavan alimo? Mankhwala opopera aja alimo? Nanga obweretsa mpweya? Chimodzi chikasowa, ankati, 'Tisamuke, Treva.' Ndinawafunsapo kuti bwanji osakuuzani. Anati, 'Amene aja akamva zoti akusamuka sagona, ndipo akapanda kugona chifuwa chimatseka. Asiyeni azidzitama kumalo a khofi.'"

A Delmer anayang'ana masiginecha awo aja, onse opendekera mbali imodzi, mbali ya TV. Manyazi anawagwira, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni chimene sanachimve chotere ngakhale pa tsiku la maliro.

"Safunsa anadya phula," anatero Treva, akutembenukira ku kompyuta. "Nthawi yatithera. Bweretsani mabotolowo."

Analemba mayina a mankhwala mmodzimmodzi. Pulani yoyamba inali ndi dokotala, koma yopanda mankhwala opopera. Yachiwiri inali ndi mankhwala, dokotala mulibe. Yachitatu inali ndi mano ndi magalasi ndi khadi ya zakudya, zonse zimene a Delmer sanafunse. Wotchi inali itatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti ikwane folo. Kamuvi kanali katalowa pofiira, ndipo milomo ya a Delmer inayamba kuda.

"Palibe?" anafunsa, mawu akutuluka movutikira.

"Dikirani. Yatsala imodzi." Treva anaimba foni kuchipatala kuja kuti amve ndi makutu ake, chifukwa mndandanda wa pa kompyuta umatha kunama. Foni inaitana kasanu ndi kawiri asanayankhe. Anafunsa, anamvetsera, anagwedeza mutu. "Alimo. Zonse zitatu zilimo."

Makina anatulutsa pepala, Treva analiika patebulo pamodzi ndi cholembera. A Delmer anatenga cholemberacho n'kungokhala, dzanja lili m'mwamba, maso akuyendayenda papepala. Ankadikira. Treva anazindikira chimene ankadikiracho, natambasula dzanja kuti awalozere mzere.

"Ayi, mwanawe," anatero a Delmer. "Chotsa dzanja. Tandibwereka magalasi akowo."

Anawerenga pepalalo kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, anthu awiri otsala panja akung'ung'udza. Anapeza dzina la pulani, anapeza tsiku loyambira. Pansi penipeni anaupeza mzere uja. Anaikapo chala chawo chakumanzere, ndipo anasaina pambali pake.