Ndinkafunsira Mawondo Anga

Anzanga, mayi amene ndikukhala nawowa ndinakumana nawo ndili wokwiya, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero. Koma si iwo amene ndinawakwiyira.

Ine ndimakonza mapaipi pa yunivesite. Ana asukulu amanditcha Agogo Sipanala. Imvi zonsezi zamerera pantchito yomweyi, ndikuchita lendi kutali, m'kachipinda kodontha. Ndiye akuluakulu atamanga midadada ya nyumba zotsika mtengo, ina ya ophunzira, ina ya ife antchito, ndinati Mulungu wandikumbuka.

Makiyi atatuluka... anandipatsa nyumba ya pamwamba penipeni! Ine, wa mawondo olira ngati chitseko chosowa mafuta.

Ku ofesi ya nyumba, kamnyamata ka tayi kanangoti, "Madala, yasankha ndi kompyuta. Mukapeza wosinthana naye, mubwere."

Ndinamva kuti nyumba ina ya pansi anapatsa mayi wamasiye wa kochapira zovala, amene ana amawatcha Mayi Simbi. Ndinavala malaya abwino kuti ndikawapemphe tisinthane, n'kumakonza mawu potsika. Ndinkafuna kunena mwanthabwala kuti ndabwera kudzafunsira mawondo angawa, poti okha sayankhula.

"Odi!"

"Eee, a Sipanala! Paipi yanga sinaphuliketu."

"Ayi mayi, ine ndabwera kudzafunsira..."

Mpweya unandithera pomwepo, chifukwa cha masitepe aja.

Mayiwo anaika ndowa pansi. "Kudzafunsira? Dzuwa lili pamutu, sipanala ili m'thumba?"

"Ayi, ndimati..."

"Musachite manyazi, bambo. Khalani apa. Koma yankho si lero, ine si kamtsikana ka first year."

Anzanga, ndikanatha kukonza mawuwo. Koma anaseka mpaka kugwira chitseko, ndipo chimwalirireni mayi a ana anga panalibe amene anandisekerapo choncho. Ndinatseka pakamwa.

Kuyambira pamenepo mpopi wawo unayamba kuwonongeka pafupipafupi. Ndikafika, ndinkaupeza uli bwinobwino, koma ndinkaumasula ndithu n'kuumanganso, iwo ataima pambali.

"Wavuta pati, amisiri?"

"Matenda ake ndi obisika, mayi. Ndidzabwerenso mawa."

Ovolosi yanga, imene sinkadziwa simbi chiigulireni, inayamba kuyenda ndi mizere yakuthwa. Ana a mdadada wa ophunzira ankakuwa pa mawindo, "Agogo apeza bae!" Ine ndinkawaloza ndi sipanala, mumtima ndikuvina.

Tsiku lina tikuyanika nsalu kuseri, anandiyang'ana cham'mbali.

"Tsiku lija mumafuna nyumbayi, eti?"

Ndinatsokomola.

"Ndinadziwa. Maso anu anali pa khonde, osati pa ine. Ndinangoti nkhalamba yaukhondo ngati iyi isandidutse."

"Nanga yankho lija?"

"Mwachedwa kufunsa. Ndinavomera kalekale."

Tinamanga banja, anzanga! Ana anga anabwera, ana awo anabwera, ophunzira anatiimbira mpaka mawu kusasa. Ine ndinavina, mawondo anaiwala kuti ndi odwala. Mumtima ndinkati ndapeza mkazi, ndapezanso nyumba ya pansi.

Ndinapita ku ofesi kukabweza makiyi a kumwamba, ndikuimba mluzu.

Kamnyamata kaja kanandigwira chanza. "Congratulations, madala! Koma policy ikuti banja limodzi, nyumba imodzi, kuti ena apezeko. Ndipo imene imatsala ndi ya amene wagwira ntchito nthawi yaitali."

"Ndiye kuti?"

"Ndiye kuti yanu. Mayi abweze yawo."

Zaka zonsezi palibe anawerengapo ukalamba wanga pantchito. Anadzaukumbukira tsiku limenelo, kuti andibwezere kumwamba!

Nyumba ya pansi ija anapatsa mphunzitsi wa masewera, mnyamata woti masitepe amachita kudumpha. Ndikamuona akuthamanga m'mawa, mtima umandiwawa.

Ndinkaopa kuti mayi adandaula, poti anataya khonde lawo chifukwa cha ine. Koma tsiku losamuka anasenza katundu wawo n'kutsogola, akuimba. Mawa lake ndikuchokera ku ntchito, ndinapeza aika mipando iwiri pokhotera masitepe, pakati pa ulendo. Anali atakhala pa umodzi, kapu ya madzi ili m'manja.

"Anthu a ku ofesi aja sindidzawakhululukira," ndinatero ndili wefuwefu.

"Musawakhululukire, bambo," anatero akundikokera mpando. "Koma kwiyani mutakhala pansi."