Tsiku lomwe tinaona ngati amayi akuwala

Ine ndimanyamula katundu wa alendo okwera phiri pa Likhubula, koma pakamwa panga pamanyamula zambiri kuposa msana. Chaka chomwe amayi anawachita opaleshoni ku Blantyre, kuwachotsa chotupa cha khansa m'thumba la mazira, tinkadikira yankho limodzi: yafalikira kapena ayi? Amayi anasiya kudya. Munthu woti ankathyola tiyi mpaka sikelo kupempha chifundo, anangotsala maso okha.

Tili mkati modikira, ndinakwera phiri ndi dokotala wina wochokera kunja, chikwama chake kulemera ngati wabisamo apongozi ake. Tikupuma, ndinamuuza za amayi. Iye anandionetsa pa foni kuti kwawoko akuyesa timankhwala tating'ono kuposa fumbi. Akamubaya munthu timakamatirira pamene pali khansa, ndiye akaunika ndi nyali yapadera, malowo amawala ngati ziphaniphani.

Potsika phiri nkhaniyo inanenepa, ndipo nyali yapadera ija ndinaitaya m'njira.

"Amayi, kunjaku wodwala akangobayidwa, pamene pali khansa pamayaka pokha! Ana mpaka amalembera homuweki pamimba pake."

Ndinaiwala kuti nawonso anawabaya jakisoni powajambula kuchipatala.

Mawa lake masana, pochokera ku Chitakale, ndinapeza mawindo atatchingidwa ndi masaka. Mkati mdima bii. Amayi ali chagada pamphasa, anzawo awiri a ku esiteti ya tiyi atawerama pamimba pawo.

"Tseka chitseko iwe, ukulowetsa dzuwa!" anandikalipira wamkuluyo. "Tatembenukani asisi, tione kunthitiku."

"Apa! Pakuwala apa!" anakuwa winayo.

"Iii, ndi batani la siketi limenelo," anatero wamkulu uja. "Maso anakutherani m'tiyi inu."

Anawafufuza ngati akusaka mbozi m'masamba. Palibe chinawala. Amayi anadzuka n'kuitanitsa chinangwa chophika, ndipo ndikulumbira, anamaliza munda wathunthu.

Anzawo atapita, mtima unandivuta. Ndinaulula kuti timankhwalato sitinafike kuno, komanso kuti popanda nyali ija munthu sawala.

"Ndinakubala ndine," anatero akutafuna. "Ndimadziwa kuti chilichonse chotuluka mkamwa mwako theka n'bodza. Ndasankha theka langa. Tandipatsa mchere."

Tsiku lokamva zotsatira ndinawaperekeza. Adokotala anati khansayo sinafalikire, koma azibwerabe kudzaonedwa.

Amayi anamanga chitenje bwinobwino n'kuimirira.

"Zikomo adokotala. Koma ifetu tinaona kale kunyumba."